Momwe mungawerengere ndalama zopumira pa ntchito msanga mumzinda waukulu wa kunja

Munthu akangoganiza zosiya ntchito asanakalambe, funso limene limafika msanga pakamwa ndi lakuti, "Kodi pakufunika zingati?" Amafuna chiwerengero chimodzi choti aziloza, kaya miliyoni imodzi kaya ziwiri. Chiwerengero chokwanira aliyense kulibe. Anthu awiri okhala mumsewu umodzi ku London, wina m'nyumba yake imene anamaliza kulipira, wina pa lendi, akhoza kusiyana ndi mapaundi oposa theka la miliyoni pa ndalama zimene ayenera kusunga, chonsecho amadya zofanana ndipo amakwera sitima imodzi. Chiwerengero chanu chimatuluka m'moyo wanu womwe, ndipo mungachipeze nokha ndi pepala, cholembera ndi masitetimenti a ku banki.

Ndigwiritsa ntchito London ngati chitsanzo chifukwa ndi mzinda wodula ndipo malamulo ake a penshoni ndi olembedwa poyera. Tiyerekeze munthu wa zaka 35, wokhala yekha pa lendi, amene akufuna kupuma ali ndi zaka 50. Ndalama za bajeti yake ndazipeka kuti masamu aoneke bwino. Inu muikepo zanu. Njira yake ndi yomweyo kaya mukuganiza za Lisbon, Bangkok, Toronto kapena Johannesburg.

Yambani ndi chilolezo chokhala m'dzikomo

Ambiri amaika nkhani iyi kumapeto, koma ine ndimaiika patsogolo, chifukwa ndalama sizingakupatseni ufulu wokhala kumene lamulo silikukulolani. Ngati muli mumzindamo pa viza ya ntchito, tsiku losiya ntchito ndi tsikunso loyamba kuwerenga masiku ochokera. Dziko la Britain lilibe viza ya anthu opuma pa ntchito. Njira imene inalipo kale inatsekedwa mu 2008. Choncho wofuna kupumira ku London ayenera kukhala nzika kapena kukhala ndi chilolezo chokhalitsa, ndipo chilolezo chokhalitsacho chimatha mphamvu munthu akakhala kunja kwa dzikolo zaka ziwiri zotsatizana.

Mayiko ena ali ndi khomo la anthu opuma, koma khomo lililonse lili ndi muyezo wake. Thailand imafuna kuti munthu akhale atakwanitsa zaka 50, komanso akhale ndi 800,000 baht ku banki ya konko kapena azilandira 65,000 baht pa mwezi. South Africa yakhala ikufuna umboni wa R37,000 pa mwezi. Portugal ili ndi viza yotchedwa D7, ya anthu okhala ndi ndalama zobwera mwezi ndi mwezi popanda kugwira ntchito, monga penshoni kapena lendi ya nyumba. Taonani kuti malamulo ena amayang'ana ndalama zolowa mwezi uliwonse, osati mulu umene mwasunga. Zimenezi zikhoza kusintha momwe mungasungire chuma chanu. Malamulo a viza amasinthasintha, ndiye werengani zimene ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dzikolo yalemba chaka chimenecho. Safunsa anadya phula.

Lembani zimene mumawononga pa chaka

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene anthu amadzinamiza. Musalembe zimene mukuganiza kuti mumawononga. Tengani masitetimenti a miyezi 12 yapitayi, a akaunti iliyonse ndi khadi lililonse, muwonkhetse zonse zimene zinatuluka. Mwezi umodzi sukwanira, chifukwa tikiti ya ndege, dokotala wa mano, foni yatsopano ndi maliro a wachibale sizibwera mwezi uliwonse, koma chaka sichitha popanda china mwa izo.

Munthu wathu wa ku London tinene kuti wapeza izi pa mwezi: lendi £1,800, msonkho wa khonsolo pamodzi ndi magetsi, gasi, madzi ndi intaneti £350, chakudya £400, mayendedwe £200, zovala, zosangalatsa ndi zina £450. Zonse ndi £3,200 pa mwezi, kapena £38,400 pa chaka. Kuwonjezera £3,600 ya zinthu zobwera mwa apo ndi apo, akufika pa £42,000.

Tsopano sinthani bajetiyi kuti ifanane ndi moyo wa munthu wosapita ku ntchito. Zina zimatsika, monga sitima ya m'mawa ndi zovala za ku ofesi. Zina zimakwera. Munthu wokhala pakhomo tsiku lonse amayatsa hita tsiku lonse m'nyengo yozizira, ndipo munthu wokhala ndi nthawi amayenda maulendo. Ngati abwana ankakulipirirani inshuwalansi ya chipatala, tsopano mudzalipira nokha. Ku United States ndiye nkhani imeneyi ndi yaikulu, chifukwa Medicare, inshuwalansi ya chipatala ya boma ya anthu okalamba, imayamba munthu akakwanitsa zaka 65. Wopuma ali ndi zaka 50 ali ndi zaka 15 zodzilipirira yekha. Ku Britain munthu wokhazikika amathandizidwa ndi zipatala za boma za NHS, koma wokhala pa viza amalipira £1,035 pa chaka kuyambira mu 2024.

Musaiwale anthu amene amadalira inu. Ngati mumatumizira makolo ndalama kapena mumalipirira mwana wa m'bale wanu sukulu, thandizolo silidzatha chifukwa choti mwapuma. Lilembeni ngati lendi.

Pomaliza ikanipo msonkho. Ndalama zotapa ku penshoni, phindu la masheya ndi chiwongoladzanja zimakhomedwa msonkho m'mayiko ambiri. Ku Britain £12,570 yoyambirira pa chaka siikhomedwa msonkho, gawo limodzi mwa magawo anayi a penshoni ya munthu likhoza kutapidwa popanda msonkho mpaka pa malire ena, ndipo zotapa mu ISA, akaunti yapadera yosungiramo ndalama kapena masheya, sizikhomedwa konse. Munthu wathu timuikire £3,000. Chiwerengero chake cha pachaka ndi £45,000.

Chulukitsani, koma osati ndi 25 basi

Mwina munamvapo za lamulo la 4 peresenti. Linachokera kwa William Bengen, mlangizi wa zachuma wa ku America, amene mu 1994 anafufuza mbiri ya masheya ndi mabondi (ngongole zimene anthu amabwereketsa boma kapena makampani) a dziko lake kuyambira mu 1926. Anapeza kuti munthu wotapa 4 peresenti ya thumba lake m'chaka choyamba, n'kumakweza ndalamayo chaka ndi chaka molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, sakanatha ndalama zake pasanathe zaka 30, ngakhale akanapuma pa nthawi yoipitsitsa ya m'ma 1960. Mu 1998 aphunzitsi atatu a pa Trinity University ku Texas anapezanso zofanana. Kutapa 4 peresenti n'chimodzimodzi kukhala ndi ndalama za pachaka kuchulukitsa ka 25. Kwa munthu wathu ndi £1,125,000.

Lamuloli ndi poyambira pabwino, koma lili ndi malire awiri amene amakhudza inu mwachindunji. Oyamba ndi zaka. Linayesedwa pa zaka 30, pamene wopuma ali ndi zaka 50 ayenera kukonzekera zaka 40 kapena kuposa. Achiwiri ndi dziko. Zaka zimene Bengen anafufuza ndi zaka zimene chuma cha America chinakula kuposa cha mayiko ambiri. Wofufuza wina, Wade Pfau, atayesa lamulo lomweli mu 2010 pa mbiri ya mayiko 17 olemera, anapeza kuti m'mayiko ambiri mwa iwo 4 peresenti ikanatha ndalama nthawi isanakwane.

Pa chifukwa chimenechi ine ndimalangiza 3.5 peresenti kwa wopuma ali m'zaka za m'ma 50, ndi 3 peresenti kwa wopuma ali m'zaka za m'ma 40. Masamu ake ndi osavuta: gawani ndalama za pachaka ndi 0.035 kapena 0.03. Pa £45,000, njira yoyamba ikupereka pafupifupi £1,290,000, yachiwiri £1,500,000. Titenge £1,290,000 ngati chandamale chathu.

Chiwerengerochi chili m'mitengo ya lero. Mitengo ikamakwera ndi 3 peresenti pa chaka, imawirikiza kawiri pa zaka 24. Mungadziwe zimenezi pogawa 72 ndi peresentiyo. Moyo wa £45,000 lero udzafuna £90,000 nthawi imeneyo. Ndipo mitengo siyenda mofatsa nthawi zonse. Ku Britain inakwera ndi 11.1 peresenti pa chaka pofika mu October 2022, pamene ku Turkey mwezi womwewo inapitirira 85 peresenti. N'chifukwa chake ndalama zopumira sizingakhale zonse mu akaunti wamba ya ku banki. Gawo lalikulu liyenera kukhala m'zinthu zimene zimakula kuposa mitengo, makamaka masheya a makampani ambiri a m'mayiko osiyanasiyana.

Yang'anitsitsani nyumba

Lendi ya £1,800 pa mwezi ndi £21,600 pa chaka. Kuigawa ndi 0.035 kukupereka pafupifupi £617,000. Ndiye kuti pafupifupi theka la chandamale chonse likugwira ntchito imodzi yokha, yolipira mwini nyumba. Mumzinda waukulu, funso la kupuma msanga kwenikweni ndi funso la denga.

Lendi ili ndi vuto linanso loti siikwera mofanana ndi mitengo ina. M'mizinda imene anthu amathamangira, ikhoza kukwera mofulumira kwa zaka zingapo zotsatizana, ndipo munthu wopanda malipiro a pamwezi amavutika kupeza nyumba ina chifukwa eni nyumba amafuna kalata ya ku ntchito. Wokhala m'nyumba yake alibe nkhawa imeneyi, ngakhale kuti nayenso amalipira. Denga limadontha, makina otenthetsera madzi amafa, ndipo okhala m'mafulati amalipira ndalama zosamalira nyumba chaka ndi chaka. Alangizi ambiri amati muziika padera 1 peresenti ya mtengo wa nyumbayo pa chaka.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni: mtengo wa nyumba imene mukukhalamo musauwerengere m'thumba lopumira. Nyumba ya £500,000 siikugulirani chakudya pokhapokha mutaigulitsa kapena kuchititsa lendi chipinda chimodzi. Ngati cholinga chanu n'kudzaigulitsa n'kusamukira kumalo otsika mtengo, werengerani zokhazo zimene zidzatsale mutagula ina.

Gawani zaka zanu m'zigawo

Si ndalama zonse zimene mungazigwire tsiku lopuma. Ku Britain penshoni ya ku ntchito kapena yodzisungira imatsegulidwa munthu akakwanitsa zaka 55, ndipo kuyambira mu April 2028 zidzakhala zaka 57. Penshoni ya boma imayamba pa zaka 66, ikukwera kufika pa 67 pakati pa 2026 ndi 2028, ndipo malinga ndi lamulo limene lilipo, obadwa pambuyo pa April 1978 adzadikira mpaka zaka 68. Ku America wotapa m'maakaunti a penshoni otchedwa 401(k) kapena IRA asanakwanitse zaka 59 ndi theka nthawi zambiri amalipira chindapusa cha 10 peresenti.

Choncho munthu wathu ali ndi zigawo zitatu. Kuyambira zaka 50 mpaka 57 adzadya zimene zili kunja kwa penshoni basi: zaka 7 kuchulukitsa £45,000 ndi £315,000. Ndalama zimenezi zikhale mu ISA, imene imalola £20,000 pa chaka, ndi m'maakaunti ena osatsekedwa. Munthu akhoza kukhala ndi miliyoni yonse mu penshoni koma osatha kupuma pa zaka 50 chifukwa mlatho umenewu sanaumange. Kuyambira 57 mpaka 68 adzatapa mu penshoni yake. Kuyambira 68 boma lidzayamba kumuthandiza.

Penshoni ya boma yathunthu inali £230.25 pa sabata m'chaka cha 2025/26, pafupifupi £12,000 pa chaka, koma imafuna zaka 35 zolipira msonkho wa National Insurance, ndipo wosakwanitsa zaka 10 salandira kalikonse. Munthu amene anafika m'dzikolo ali ndi zaka 28 n'kupuma ali ndi 50 ali ndi zaka 22, zimene zikumupatsa pafupifupi £7,500 pa chaka. Akhoza kugula zaka zoperewera polipira mwakufuna kwake. Adziwenso kuti akasamukira ku Canada, Australia kapena South Africa, penshoniyo siikwezedwa chaka ndi chaka. Ine penshoni ya boma sindiichotsera pa chandamale cha munthu wa zaka 35. Ili kutali zaka zoposa 30, ndipo malamulo ake adzasintha kangapo asanafike. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndimaiwerengera ngati chitetezo cha zaka za ukalamba, pamene ndalama za chisamaliro zimakwera.

Ndalama ya dziko liti?

Ngati mukusunga m'ndalama ya dziko lina n'kudzadyera m'ndalama ya dziko lina, muli ndi chiopsezo chimene masamu a pamwambawa sakuchiona. Mu June 2016, anthu a ku Britain atavota zotuluka mu European Union, paundi inagwa pafupifupi ndi 8 peresenti poyerekeza ndi dola m'tsiku limodzi. Wa ku Britain wopumira ku Lisbon kapena ku Madrid anaona lendi yake itakwera mwini nyumba asanasinthe kalikonse. Njira yochepetsera vutoli ndi kusunga ndalama za zaka ziwiri kapena zitatu m'ndalama ya kumene mukukhala, n'kumwaza zotsalazo m'misika ya mayiko ambiri. Funsaninso za msonkho wa mbali zonse ziwiri. Mayiko ambiri amakutengani ngati wokhoma msonkho wawo mukakhalamo masiku 183 pa chaka, ndipo America imakhometsa nzika zake kulikonse kumene zili. Apa kulipira katswiri wa misonkho kamodzi n'kwanzeru.

Werengani zoti muzisunga pa mwezi

Tinene kuti munthu wathu ali kale ndi £150,000, ndipo ndalama zake zikukula ndi 4 peresenti pa chaka pamwamba pa kukwera kwa mitengo. Palibe angalonjeze phindu limeneli, koma ndi muyezo wosakokomeza. Pa zaka 15, £150,000 idzafika pafupifupi £270,000. Kwatsala £1,020,000, zimene zikufuna kuti azisunga pafupifupi £51,000 pa chaka, kapena £4,250 pa mwezi, kuphatikizapo zimene abwana amaika mu penshoni yake.

Ndi ndalama zambiri, ndipo ambiri akafika apa amagwa mphwayi. Koma taonani zimene zaka zisanu zimachita. Akapuma ali ndi zaka 55, akufunika £2,700 pa mwezi. Akapuma ali ndi 60, pafupifupi £1,800. Zaka zowonjezerazo zimapatsa mpamba nthawi yoberekana, komanso zimafupikitsa zaka zodya.

Chimene chimafulumizitsa ulendowu kwambiri ndi gawo la malipiro limene mumasunga, kuposa kukula kwa malipirowo. Poyambira pa ziro, ndi phindu la 5 peresenti pamwamba pa mitengo, wosunga 10 peresenti ya malipiro ake amafika pa ndalama zake za pachaka kuchulukitsa ka 25 patatha zaka 51. Wosunga 25 peresenti amafika patatha zaka 32, wosunga theka patatha zaka 17. Chifukwa chake n'chakuti paundi iliyonse imene mwaleka kuwononga imagwira ntchito ziwiri: imalowa m'thumba, komanso imatsitsa chandamale. Kuchepetsa £100 pa mwezi mpaka kalekale kumachotsa pafupifupi £34,000 pa ndalama zofunika.

Ngati masamu akukana, pali zingwe zitatu zokoka kupatula kuwonjezera zaka. Mungasankhe mzinda wotsika mtengo. Moyo wa £25,000 pa chaka ukufuna £714,000 basi. Mungapitirize kugwira ntchito pang'ono, masiku awiri pa sabata, makamaka m'zaka zoyambirira. Kapena mungamalize ngongole ya nyumba musanapume. Koma posankha mzinda wina chifukwa cha mtengo wokha, kumbukirani kuti walira mvula walira matope: chilankhulo chatsopano, chipatala chachilendo, ndi kutalikirana ndi anzanu amene mwakhala nawo zaka 20.

Yang'aniraninso ndalama zimene makampani osunga chuma amadula. 1 peresenti pa chaka imamveka yochepa, koma pa £1,290,000 ndi £12,900, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene mukudya pa chaka. Mathumba ongotsatira msika wonse amadula pafupifupi 0.2 peresenti kapena kucheperapo, yomwe ndi £2,580.

Tetezani zaka zisanu zoyambirira

Msika ukagwa muli pa ntchito, mumangogula masheya motchipa. Ukagwa mutangopuma, mumagulitsa motchipa kuti mudye, ndipo zimene mwagulitsazo sizidzakhalapo msika ukadzadzuka. Mu 2008 masheya a makampani akuluakulu a ku America anagwa ndi 37 peresenti. Thumba la £1,290,000 lokhala m'masheya okhaokha likanatsika kufika pafupifupi £813,000, ndipo £45,000 ikanakhala 5.5 peresenti ya thumbalo m'malo mwa 3.5.

Choncho zaka zitatu musanapume, yambani kusamutsa pang'onopang'ono ndalama za zaka ziwiri, £90,000 kwa munthu wathu, kuziika mu akaunti yopereka chiwongoladzanja kapena m'mabondi a boma a nthawi yochepa. Gawani bajeti yanu pawiri, zosasiyika ndi zosiyika, ndipo lembani lero zimene mudzadule msika ukagwa ndi 20 peresenti. Chiganizo chotere chimapangidwa bwino mtima uli m'malo, osati pamene nkhani za pa wailesi zikuopsa.

Yesani musanalembe kalata

Chaka chomaliza cha ntchito khalani pa bajeti yopumira ndendende, malipiro onse otsala azipita kosungira. Mukapitirira bajetiyo miyezi itatu yotsatizana, cholakwika ndi bajeti, ndipo mubwerere ku masamu. Ngati mukusamukira mumzinda umene simunakhalemo, pitani mukakhaleko miyezi iwiri kapena itatu m'nyengo yake yoipa, m'nyumba ya lendi wamba kutali ndi malo a alendo, muzigula ndi kuphika nokha, mukaonenso chipatala chimene muzidzapitako.

Musanachoke pa ntchito, malizani zonse zimene zimafuna kalata ya abwana: kusaina lendi yatsopano, kukonzanso ngongole ya nyumba, kutsegula akaunti ku banki, kufunsira chilolezo chokhalitsa kapena unzika. Pemphani sitetimenti ya penshoni iliyonse imene munasonkhako, kuphatikizapo za ntchito zakale ndi za mayiko ena, muone ngati adiresi ndi dzina la wodzalandira mukamwalira zili zolondola. Kenako sankhani tsiku limodzi pa chaka lowerengeranso zonse: zimene mwawononga, zimene zatsala, ndi peresenti imene mukutapa. Ikapitirira 4.5, chepetsani zosiyika chaka chimenecho kapena pezani kantchito ka miyezi ingapo mpaka itsikenso.